Kuyala Nyimbo pa Pepala

Nkhani yathu lero ikuchokera ku mapiri a Dedza, ndipo ikukhudza makamaka ophunzira amene ali ndi khumbo lotulutsa magazini ya zoimbaimba pasukulu pawo, pamodzi ndi aphunzitsi owayang'anira. Dedza ali ndi sukulu zodziŵika: sekondale ya boma imene inatsegulidwa m'chaka cha 1951, sekondale za Mtendere ndi Umbwi, ndiponso koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke. Dera lomweli ndi nkhokwe ya nyimbo. Kuli gule wamkulu, chisamba ndi chimtali kwa Acheŵa, ngoma kwa Angoni, makwaya m'matchalitchi, ndi anyamata a mabanjo m'misika. Zoti zilembedwe zilipo, olembanso alipo. Ntchito imene imagwetsa ambiri ndiyo kuyala nkhanizo pa tsamba kuti munthu aziŵerenge mosavuta, ndi kuti amene adzatole magaziniyo patapita zaka makumi atatu adzadziŵe kuti anaimba ndani, kuti, ndipo liti.

Tiyambe ndi pepala lenilenilo, pakuti ndilo limadya ndalama. Pepala limodzi la A4 mukalipinda pakati limabala masamba anayi. Chotero magazini yopinda ndi kulumikiza ndi mawaya pamsana imakhala ya masamba 8, 12, 16 kapena 20. Masamba 10 kapena 14 satheka, ndipo mkonzi amene sanaŵerengere zimenezi amatsala ndi masamba opanda kanthu amene walipira kale. Musanayatse kompyuta, tengani mapepala akutha ntchito, apindeni, muwaloŵetse lina m'kati mwa linzake, ndipo mulembe manambala. Mukawamasula mudzaona chodabwitsa: m'magazini ya masamba 8, tsamba 8 limagona pafupi ndi tsamba 1, tsamba 2 pafupi ndi 7, tsamba 6 pafupi ndi 3. Manambala aŵiri oyandikana nthaŵi zonse amakwana 9 mukawaphatikiza, ndipo m'magazini ya masamba 16 amakwana 17. Masamba aŵiri apakati okha ndiwo ali pa nkhope imodzi ya pepala motsatana. Apo ndipo pamene chithunzi chachikulu cha kwaya yonse chingadutse msana wa magazini popanda kudula munthu mutu.

Tsono chikuto. Magazini zotchuka, monga Drum imene inayamba ku South Africa mu 1951, kapena Rolling Stone ya ku San Francisco imene kope lake loyamba mu 1967 linali ndi chithunzi cha John Lennon, zimaika dzina lawo pamwamba pa chikuto. Chifukwa chake n'chamalonda: ogulitsa amasanjikiza magazini, ndipo chimene chimaonekera ndi mutu wokha. Sankhani dzina lalifupi, mulilembe m'zilembo zofanana kope lililonse, ndipo pansi pake muike mwezi, chaka, nambala ya kope ndi mtengo. Pachikuto pakhale nkhope imodzi ndi mitu ya nkhani yosaposa itatu. Ndikudziŵa kuti aliyense wa m'komiti amafuna kuti mnzake aoneke pamenepo, koma nkhope khumi zing'onozing'ono zikadutsa m'makina a fotokope zimasanduka madontho a makala. Makina ameneŵa amadetsa chithunzi. Jambulani woimbayo ataima patsogolo pa khoma loyera, kuŵala kukumumenya kumaso. Kuno ku Dedza, m'miyezi ya June ndi July, dikirani kuti nkhungu iyambe yachoka. Chithunzi chikakana, funani mnzanu waluso ajambule ndi cholembera chakuda. M'masiku a masitensulo ndi makina opukusa a Gestetner umo ndimo sukulu zinkachitira, ndipo mzere wakuda pa pepala loyera sunanyengepo wosindikiza.

Tiloŵe m'kati, pamene pali nkhani imene mabuku a kunja sangakuuzeni. Magazini za Chingerezi zimagaŵa tsamba m'madanga atatu kapena anayi, ndiye kuti timizere topapatiza tochoka pamwamba kutsikira pansi. Zimatheka chifukwa mawu ambiri a Chingerezi ndi aafupi. Chicheŵa chimamanga chiganizo chathunthu m'liwu limodzi. Taŵerengani zilembo za liwu lakuti "sindidzakuiŵalaninso": zilipo 20. Liwu lotere mukaliika m'danga lopapatiza limadya theka la mzere, ndipo kompyuta poyesa kulinganiza mbali zonse ziŵiri imasiya mipata ikuluikulu yonga mano ogweluka. Chotero pa tsamba laling'ono la A5 ikani danga limodzi, ndipo musiye mphepete yotakata yolembamo mawu ofotokoza zithunzi. Pa tsamba la A4 madanga aŵiri ndi okwana. Linganizani mizere kumanzere kokha, kumanja izithera pamene yathera.

Liwu likati lidulidwe pamapeto a mzere, lidulidwe Chicheŵa. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, kotero timadula kuti nyi-mbo, osati nyim-bo; ba-ngwe, osati bang-we. Kompyuta imadula potsata Chingerezi, choncho iletseni, muzidula nokha. Samalaninso kachizindikiro ka m'mwamba kaja. Ng'oma ndi chida chimene timaomba, pamene ngoma ndi gule wa Angoni wovina ndi zishango. Mkonzi wa ku Dedza akasokoneza ziŵirizi, akuluakulu a kwa Kachindamoto sadzamumvetsa. Ndipo musanasankhe mtundu wa zilembo, tayipani dzina la dziko lathu, Malaŵi, muone ngati lembo la ŵ likutuluka bwino, pakuti mitundu ina imatulutsa kabokosi m'malo mwake.

Mitundu ya zilembo ikhale iŵiri basi: wina wa mitu, wina wa nkhani, wa msinkhu wa mapointi 10 kapena 11. Ife amene tinadzera ku koleji ya aphunzitsi tinaphunzira kugaŵa bolodi: tsiku pangodya, mutu pamwamba, choko cha mtundu pa mawu ofunika okha. Tsamba limafuna mwambo womwewo. N'zoona kuti magazini za nyimbo zimakonda kudzionetsera. Mu 1994 David Carson, wokonza masamba a magazini ya Ray Gun ku America, anasindikiza nkhani yonse ya woimba Bryan Ferry m'tizizindikiro tosaŵerengeka chifukwa inamutopetsa. Iye zinamutchukitsa. Koma Bryan Ferry anali atalembedwa kale m'magazini zina zambirimbiri, pamene woimba bangwe wa ku Linthipe mwina tsamba lanu ndilo lokhalo limene lidzamutchule m'moyo wake wonse.

Apa ndipo pagona mtima wa nkhani yathu: timawu tapansi pa chithunzi. Ndi tochepa kuposa zonse za pa tsamba, ndipo ndi timene ophunzira amatilemba mothamanga, kuti "Woimba wina akusangalatsa anthu." Mawu otere sasunga kanthu. Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958 kujambula nyimbo za makolo, ankalemba pa khadi dzina la woimba, malo, chinenero ndi chida chimene anagwiritsa ntchito. Nyimbozo zikusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Chifukwa cha makadi aja, mdzukulu angathe kupeza liwu la agogo ake. Inunso lembani zinthu zisanu: dzina lonse la woimba monga alitchulira mwini wake, mudzi ndi mfumu yaikulu ya deralo, dzina la gule kapena chida, tsiku, ndi dzina la wojambula. Musalembe "ng'oma" chabe ngati mungathe kufunsa kuti ndi mbalule kapena mpanje. Pa chithunzi cha gulu, tchulani maina kuyambira kumanzere.

Lamulo limeneli lili ndi malire amodzi. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, salembedwa dzina la munthu. Pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina la chilombo, monga Chadzunda, Maliya kapena Kasiyamaliro, ndi mudzi ndi mwambo umene chinatulukira. Ndipo musanajambule, pemphani kwa nyakwaŵa ndi akuluakulu a kudambwe. Ofuna kuona mmene gule amafotokozedwera mwaulemu atsikire ku Mua, ku nyumba ya Chamare ya pa Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Ambiri amakondanso ndandanda ya nyimbo zotchuka. Yoyamba ku Britain inatuluka m'nyuzipepala ya New Musical Express mu November 1952, itapangidwa pofunsa masitolo ogulitsa mbale za galamafoni. Yanu ikhale m'bokosi, pa tsamba lomwelo kope lililonse, nambala kumanzere, kenaka mutu wa nyimbo ndi woimba. Pansi pake nenani poyera kuti munafunsa anthu angati, a makalasi ati. Mawu a nyimbo ya munthu musawasindikize onse popanda chilolezo chake. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira za umwini wotere.

M'kati mwa chikuto siyani malo a maina a akonzi, olemba ndi ojambula, dzina la sukulu ndi keyala yake, ndiponso amene anasindikiza. Makope akatuluka, patulani atatu asanagulitsidwe. Limodzi lipite ku laibulale ya sukulu, lina ku National Archives ku Zomba kumene zosindikizidwa za dziko lino zimasungidwa, ndipo lachitatu mukapereke pamanja kwa woimba amene ali pachikuto.