Chitetezo cha M'fakitale: Lamulo Likuti Chiyani?

Malamulo ake ndi ati?

Amene amagwira ntchito m'mafakitale a ku Makata, Chirimba, Kanengo kapena Luwinga amatetezedwa ndi malamulo awiri akuluakulu. Loyamba ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, lomwe cholinga chake n'kupewa ngozi. Lachiwiri ndi Workers' Compensation Act la 2000, lonena za chipepeso munthu akavulala kapena kumwalira pantchito. Mu 2019 Malawi inavomerezanso pangano la nambala 155 la ILO, bungwe loona zantchito padziko lonse, lokhudza chitetezo pantchito.

Udindo waukulu ndi wa bwana

Apa m'pamene ambiri amapusitsidwa. Zovala zodzitetezera monga magolovesi, majombo ndi zisoti si mphatso ya kampani, ndipo wantchito sayenera kuzigula ndi ndalama zake. Lamulo limafuna kuti fakitale ilembetsedwe kuboma, mbali zoopsa za makina zitchingidwe, mpweya uzilowa bwino, komanso pakhale madzi akumwa, zimbudzi ndi bokosi la chithandizo choyamba. Wolembedwa kumene aphunzitsidwe kaye asanayambe kugwira makina. Zomuuza munthu kuti "uzingoonera anzakowo" si maphunziro ayi.

Wantchito nayenso ali ndi mbali yake: avale zomwe wapatsidwa, ngakhale kutentha kwa Okutobala kukumuuza kuti chisoti achivule.

Ngozi ikachitika

Uzani kapitawo nthawi yomweyo, pitani kuchipatala, ndipo sungani mapepala onse a dokotala. Bwana ayenera kudziwitsa ofesi ya zantchito. Ena amakonda kumpatsa wovulalayo kandalama kam'manja kuti nkhani ithere pomwepo. Chenjerani nako: kandalamako sikachedwa kutha, koma chala chodukacho sichimeranso.

Matenda ozemba

Ngozi ya makina imaoneka tsiku lomwelo. Fumbi, phokoso ndi utsi wa mankhwala zimawononga pang'onopang'ono, munthu n'kudzadwala atasiya kale ntchito. Amalawi amene ankapita ku migodi ya golide ya ku Joni kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela amaidziwa nkhaniyi: fumbi la miyala linawononga mapapo a anthu ambiri. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani a migodi alipire ma rand 5 biliyoni, koma ambiri mwa odwalawo anali atamwalira kale.

Ndani amayendera?

Oyendera mafakitale ochokera ku Unduna wa Zantchito ali ndi mphamvu zolowa m'fakitale n'kuona mmene zinthu zilili. Vuto n'lakuti ndi ochepa, pomwe malo antchito ndi ambiri. Choncho dandaulo lochokera kwa antchito eni ake, makamaka kudzera m'bungwe lawo, ndilo limathandiza kuti oyenderawo adziwe kofulumira kupita.