Akalaliki a Banki Amene Sitiwaona

Anzanga, mukapita ku gombe la Kande m'mawa, mupenyetsetse anthu ogula usipa. Kale ankadza ndi ndalama zomanga pa kansalu, koma lero ena angotulutsa foni, nadina manambala, ndipo msodzi alandira uthenga wakuti ndalama zafika. Nanga wanyamula ndalamazo ndani, popeza palibe amene wakwera galimoto kunka ku banki ya ku Nkhata Bay?

Kunena zoona, ndalamazo siziyenda ayi. Chimene chisintha ndicho malembo a m'buku. Banki isunga buku lalikulu losonyeza chuma cha munthu aliyense, ndipo bukulo masiku ano lili m'kompyuta. Wogula akadina, kompyuta ichotsa pa dzina lake niwonjezera pa dzina la msodzi. Koma kompyuta ilibe nzeru zakezake. Pali anthu amene ailembera malamulo, ena aikonza ikafa usiku, ndipo ena alonda kuti mbala zingalowemo. Amenewa ndiwo akalaliki atsopano.

National Bank of Malawi inayamba mu 1971, chaka chomwe ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Masiku amenewo wofuna ndalama ankaima pa mzere ndi kabuku kake. Tsopano banki yomweyo ili ndi Mo626 ya pa foni. Airtel Money inadza mu 2012, ndi TNM Mpamba mu 2013 (musasokoneze ndi Mpamba wathu uja wa pa msewu wa ku Mzuzu). Mu 2015 National Switch inalumikiza mabanki, kotero kuti khadi la banki imodzi litulutsa ndalama pa makina a inzake.

Nchifukwa chake mabanki asakasaka achinyamata odziwa kompyuta. Ena a kunja amanga nyumba zapadera zoti anthu otere azipangiramo njira zatsopano: Lloyds ya ku Britain inatsegula yake ku Hyderabad, ku India, mu 2023, kutali ndi eni ndalama. Ndiye kuti ntchitoyi siifunsa kumene munthu anabadwira. Ifunsa masamu ndi kufatsa, pakuti kulakwitsa nambala imodzi kungathe kutaya phindu la msodzi la mwezi wathunthu.

Maphunziro ake alipo pa Yunivesite ya Mzuzu, pafupi pomwepa. Chondidetsa nkhawa ine nchakuti ambiri a ife tifika Fomu 4 tisanakhudze kompyuta ndi chala, pamene anzathu a ku Blantyre anayamba kusewera nayo ali ku pulayimale.