Mawu akuti "distance": pomwe Chipwitikizi chimathandiza ndi pomwe chimasocheretsa

Mphunzitsi wa Chingerezi ku Assumane akalemba mawu akuti "distance" pa bolodi, ophunzira sachedwa kuwazindikira. Anakumana nawo kale pa masamu ali "distância". Mawu awiriwa ndi apachibale, onse anachokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kuima motalikirana. Chibale chimenechi chimathandiza kwambiri powerenga, koma chimasocheretsa mwana akafuna kuyankhula kapena kulemba chiganizo chakechake.

Njanji yochokera ku Lichinga kupita ku Cuamba ndi ya makilomita 262. M'buku, chiganizo chakuti "The distance from Lichinga to Cuamba by rail is 262 kilometres" n'cholondola, ndipo chimayenda limodzi ndi Chipwitikizi mawu ndi mawu. Koma munthu wofunsa njira pokwerera chapa safunsa choncho. Amati "How far is Cuamba?" ndipo amamuyankha kuti "It is about 300 kilometres away by road", kapena kungoti "It's a long way". M'mayankho onsewa mulibe "distance". Wophunzira amene akuganiza m'Chipwitikizi amatenga "fica a 300 quilómetros de distância" n'kulemba "it stays at 300 kilometres of distance". Womva akhoza kumvetsa, koma wochonga mayeso adula malikisi.

Chinyanja chili pafupi ndi Chingerezi cha tsiku ndi tsiku kuposa Chipwitikizi pa nkhani imeneyi. "Ndi kutali bwanji?" ndi "How far is it?" n'zomangidwa mofanana: palibe dzina, pali mawu ofotokoza kutalika ndi mawu ofunsira basi. Maphunziro a zinenero ziwiri, amene anayesedwa koyamba m'pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, anakonzedwa kuti mwana achoke pa chinenero cha kwawo kupita pa Chipwitikizi. Chingerezi chikamabwera m'makalasi apamwamba, kawirikawiri chimafotokozedwa kudzera m'Chipwitikizi chokha, chinenero cha kunyumba n'kutsala panja. Pa mawu ngati awa, kutero n'kutaya njira yachidule.

Komabe Chinyanja chili ndi misampha yake. Tsinde lakuti -tali limagwira ntchito zitatu zimene Chingerezi chinazigawa. Munthu wamtali ndi "tall", chingwe chachitali ndi "long", mudzi wakutali ndi "far" kapena "distant". Mwana akalemba "the road is tall" kapena "my uncle is long" sikuti sakuganiza, wangotenga mawu amodzi a kwawo n'kusankha lolakwika pa atatu a Chingerezi. Nawonso mawu akuti mtunda, amene amayikidwa pambali pa "distance" m'mindandanda ya mawu, ali ndi matanthauzo angapo. Kwa mwana amene banja lake linachokera ku Metangula, m'mbali mwa nyanja, kumtunda ndi kumalo okwera kumene kuli Lichinga, ndipo kwa msodzi ndi kumene bwato limakocheza. Mphunzitsi akangolemba kuti "distance" ndi mtunda, ana ena aona chitunda m'maganizo mwawo. N'kwabwino kulemba chiganizo chathunthu, monga "mtunda wa pakati pa sukulu ndi msika". Ndipo poti ana ambiri a ku Lichinga amayankhula Chiyao kunyumba, ayenera kufunsidwa mmene iwo amanenera, osaganiza kuti Chinyanja chakwanira onse.

Timawu tating'ono tobwera kutsogolo timasinthanso tanthauzo. "In the distance" ndi chapatali, kumene maso akuthera: munthu akuona utsi wa kumunda chapatali. "From a distance" akunena pamene waima woonayo, ali patali. "Within walking distance" ndi poti munthu n'kufika wapansi, ngakhale kuti pa mawu amenewa wolemba buku ku London ndi mwana woyenda ola lathunthu kupita kusukulu sangagwirizane.

Palinso kutalikirana kosayezedwa ndi makilomita. "A distant relative" ndi wachibale wapatali, ngakhale atakhala nyumba yoyandikana. "The distant past" ndi kalekale. Akati munthu ali "distant", ndiye kuti sakumasuka ndi anzake, maganizo ake ali kwina. Ngati mneni, "to distance oneself from" ndi kudzipatula pa munthu kapena pa nkhani, kusafuna kuwerengedwa nawo, ndipo amapezeka kwambiri m'nyuzipepala pa nkhani za ndale. Tanthauzo la kusamvana limeneli si lachilendo: pamene mawuwa ankalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, cha m'ma 1300, ankatanthauza mkangano.

Chaka cha 2020, pamene sukulu za m'Mozambique zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, mawu awiri anafala: "social distancing" ndi "distance learning". Oyambawo bungwe la WHO linkakonda kuwatchula kuti "physical distancing", pofuna kuti anthu atalikirane matupi koma asatayane. Achiwiriwo akuonetsa kusiyana kwa kamangidwe. Chipwitikizi chimati "ensino à distância", Chingerezi chimayika "distance" kutsogolo popanda kamawu kolumikiza, monganso mu "long-distance bus". Wophunzira wolemba "learning at distance" watsatira Chipwitikizi.

Katchulidwe nakonso kamasiyana. Chipwitikizi chimatsindika pakati, dis-TÂN-cia, Chingerezi chimatsindika poyamba, DIS-tance, ndipo kumapeto kulibe "ya".

Poona zonsezi, dongosolo lothandiza ndi kuyamba ndi "far", "near" ndi "away", kuchokera pa kutali ndi pafupi zimene ana akudziwa kale. Afunsane za malo enieni, kuchokera ku Assumane kukafika kumsika waukulu, ku bwalo la ndege, kwa agogo awo, ndipo ayankhe monga amayankhira kwawo, ndi mphindi kapena maola oyenda wapansi: "It is forty minutes away on foot". "Distance" abwere pambuyo, pa mapu ndi pa masamu, pamene "distância" akhoza kumuthandiza.