Chifukwa chiyani chitetezo cha m'thupi chimasiyana ngakhale pakati pa ana a bere limodzi?

Ana awiri akhoza kukulira m'nyumba imodzi ndi kudya chakudya chofanana, koma wina n'kumadwala zithupsa ndi chibayo mobwerezabwereza pamene mnzake ali bwinobwino. Nthawi zina gwero lake limakhala m'majini, omwe ndi malangizo achibadwa amene munthu amatengera kwa makolo.

M'magazi muli maselo oyera otchedwa neutrophil, amene amameza mabakiteriya ndi mafangasi. Akawameza amawapha ndi mankhwala aukali opangidwa ndi ma enzyme, omwe ndi mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo. Enzyme yotchedwa NADPH oxidase ndiyo imayamba, pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni. Kenako ina, myeloperoxidase, imamaliza popanga mankhwala a mtundu umodzi ndi amene ali mu Jik. Majini ndiwo amalamula mphamvu ya ma enzyme amenewa.

Kuchepa kwa myeloperoxidase kumapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 2,000 mpaka 4,000 ku America ndi ku Ulaya, ndipo ambiri sadwala, chifukwa selo lili ndi njira zina zophera tizilombo. Koma NADPH oxidase ikalephera, mwana amakhala ndi matenda otchedwa CGD, amene ku America amagwira mwana mmodzi pa ana pafupifupi 200,000. Kawirikawiri vuto limakhala m'jini ya CYBB, imene mwana wamwamuna amalandira kwa mayi ake, n'chifukwa chake odwala ambiri ndi anyamata.

Ngakhale odwalawo safanana. Kafukufuku wa bungwe la National Institutes of Health ku America, amene anafalitsidwa mu 2010, anaunika odwala 287 ndipo anapeza kuti amene enzyme yawo inkagwirabe ntchito, ngakhale pang'ono chabe, ankakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa anzawo.

Ku Malawi ndi ku Zambia makanda amalandira katemera wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu. Katemerayu ndi wothandiza kwa ana ambiri, koma kwa mwana wa CGD akhoza kuyambitsa matenda. Choncho banja limene linatayapo ana aamuna ndi matenda obwerezabwereza liyenera kuuza dokotala mwana wina asanabadwe. Matendawa amadziwika poyeza magazi, ndipo mankhwala monga Bactrim amathandiza kupewa mabakiteriya.