Mzinda umene mpweya umaperewera

Ku La Paz, m'dziko la Bolivia, munthu amatopa asanagwire ntchito iliyonse. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,600 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu, kutanthauza kuti misika ya kumeneko ili pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Bwalo la ndege la mzindawu, la ku El Alto, ndiye lapitirira mamita 4,000.

Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, choncho ukapuma kamodzi thupi limalandira okosijeni wochepa. Nditapitako, ine ndinkangoti wefuwefu pokwera masitepe a pahotela, pomwe amayi a mtundu wa Aymara, atavala zipewa zawo zozungulira, ankandipitirira atabereka katundu kumsana. Madzi nawonso amawira asanatenthe mokwanira, nyemba n'kumachedwa kupsa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti olemera amakhala kumunsi kwa chigwa, kumene n'kofundirako, osauka ndiwo ali pamwamba pozizira. Kuyambira 2014 anthu amakwera ndi kutsika pa tingolo toyenda pa zingwe m'mwamba, totchedwa Mi Teleférico. Kwa ine imeneyi ndi nzeru kuposa kulimbana ndi kukulitsa misewu pamalo otsetsereka chonchi, ndipo mtengo wokwerera tingoloti ngakhale wogulitsa mumsika amaukwanitsa.