Kodi mumadziwa kuti khutu la mafinya lingafooketse nkhope?

Khutu lotuluka mafinya silofunika kulinyozera. Mtsempha wochokera ku ubongo umene umayendetsa nkhope umadutsa m'fupa lozungulira mkati mwa khutu. Matenda akaufika, mbali imodzi ya nkhope imafooka, kamwa limapotoka, diso osatsekeka. Mu 1904, dokotala wa ku Italy, Giuseppe Gradenigo, anafotokoza vuto linanso: matendawa akalowerera m'fupa lakuya, munthu amamva ululu kuseri kwa diso ndipo amaona zinthu ziwiriziwiri, poti disolo limalephera kuyang'ana cham'mbali. Ena anganene kuti zimenezi sizichitikachitika chibwerereni mankhwala opha mabakiteriya. N'zoona, koma zinachepa chifukwa odwala amalandira mankhwalawo msanga, ndipo wochedwa matenda angamufike mpaka ku ubongo. Mukaona zizindikirozi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.