Cheaper, earlier, less: mawu a Chingerezi oyerekezera zinthu ziwiri

Alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi madera ena a m'malire, phunziro lathu la lero ndi la mmene Chingerezi chimayerekezera zinthu ziwiri. Ambiri a ife timagulitsa kachewere, nyemba, soya ndi chimanga kudzera pa Calómuè kupita ku Dedza, pa Zóbuè kupita ku Mwanza, kapena pa Cassacatiza kulowa m'Zambia. Pakamwa timamvana bwinobwino m'Chichewa. Koma zolembedwa pa paketi ya mbewu, pa botolo la mankhwala opopera ndi pa pepala la mgwirizano nthawi zambiri zimakhala m'Chingerezi, popeza ndicho chiyankhulo cha boma ku Malawi ndi ku Zambia. Timawu ngati cheaper, earlier ndi less ndi tatifupi, koma kutimva molakwika kungakutayitseni ndalama, mwinanso zokolola za chaka chonse.

M'Chichewa timati, "Thumba ili ndi lolemera kuposa ilo." Liwu lakuti lolemera silisintha, timangowonjezera kuposa. M'Chipwitikizi timati "mais pesado do que". Chingerezi chili ndi njira ziwiri, ndipo chimene chimasankha njira ndi kutalika kwa liwu. Kuti mudziwe kutalika kwake, litchuleni mukuwomba m'manja. Cheap mumawomba kamodzi, heavy kawiri, expensive katatu.

Njira yoyamba: kuwonjezera er

Liwu lowomba kamodzi limalandira er kumapeto, kenako pamabwera than, amene ndi kuposa wathu uja. Cheap, kutanthauza chotsika mtengo, limakhala cheaper. High, chokwera, limakhala higher. Low, chotsika, limakhala lower. Choncho "Maize is cheaper than beans" ndiye kuti chimanga n'chotsika mtengo kuposa nyemba.

Polemba samalani ndi zinthu zitatu. Liwu lothera ndi e limangolandira r: ripe, chakupsa, limakhala riper, ndipo large, chachikulu, limakhala larger. Mawu aafupi ngati big, hot ndi wet amabwereza lembo lomaliza: bigger, hotter, wetter. Liwu lothera ndi y ngati dry, chouma, limasintha y kukhala i: drier. Lamulo la y limeneli limagwiranso mawu owomba kawiri. Heavy limakhala heavier, early limakhala earlier, easy limakhala easier.

Njira yachiwiri: kutsogoza more

Liwu lalitali silisintha. Mumangoika more patsogolo pake, monga mmene Chipwitikizi chimachitira ndi mais. "Fertilizer is more expensive this year than last year" ndiye kuti feteleza wakwera mtengo chaka chino kuposa chaka chatha. Mawu ambiri owomba kawiri osathera ndi y amatsatanso njira iyi: more fertile, yachonde kuposa ina, ndi more useful, chothandiza kuposa china. Mukafuna kunena zochepa, ikani less m'malo mwa more. Less expensive ndi chimodzimodzi ndi cheaper.

Mawu osamvera malamulo

Pali mawu ochepa ofunika kungowaloweza. Good, chabwino, limakhala better. Bad, choipa, limakhala worse. Far, kutali, limakhala farther kapena further. Much ndi many onse amakhala more, ndipo little limakhala less. Kwa ife amene tinaphunzira m'Chipwitikizi izi si zachilendo, pakuti nako bom limakhala melhor ndipo mau limakhala pior. Mwana akanena "mais bom" aphunzitsi amamuwongolera. M'Chingerezi namonso mlimi sanganene kuti mbewu yake ndi "more good", koma better.

Kuyerekeza kachitidwe

Mpaka pano taona mawu ofotokoza chinthu. Palinso mawu ofotokoza mmene ntchito ikuchitikira, monga msanga, pang'onopang'ono ndi mosamala. M'Chingerezi ambiri a iwo amathera ndi ly, ndipo amenewa amafuna more. Slowly limakhala more slowly, carefully limakhala more carefully. "Spray more carefully near the well" ndiye kuti poperani mosamala kwambiri mukayandikira chitsime.

Mawu aafupi monga fast, hard, late ndi soon amalandira er: faster, harder, later, sooner. Early, ngakhale limathera ndi ly, limakhala earlier. Well limakhala better ndipo badly limakhala worse. "Beans grow faster than cassava" ndiye kuti nyemba zimakula msanga kuposa chinangwa.

Chenjerani ndi hard ndi hardly. "She works harder" ndi kuyamikira kuti mayiyo amalimbikira ntchito kuposa ena. Koma "She hardly works" ndi kunena kuti sagwira ntchito kwenikweni. Tilembo tiwiri tokha tasandutsa wakhama kukhala mlesi.

Zolakwika zimene zimamveka kawirikawiri

Choyamba ndi kuphatikiza njira ziwiri zija, monga "more cheaper" kapena "more better". Mais wa Chipwitikizi amatikoka kuika more paliponse. Sankhani njira imodzi basi.

Chachiwiri ndi kunena that m'malo mwa than. Izi zimachitika chifukwa que wa Chipwitikizi amagwira ntchito zonse ziwiri. M'Chingerezi kuposa ndi than. Musamusokonezenso ndi then, amene amatanthauza kenako.

Chachitatu ndi very. Mukafuna kunena kuti kusiyana n'kwakukulu, nenani "much cheaper", osati "very cheaper". Kukakhala kochepa, nenani "a little cheaper".

Chachinayi ndi less ndi fewer. Zinthu zowerengeka chimodzichimodzi zimatenga fewer: "fewer bags", matumba ochepa. Zoyeza pa sikelo kapena m'ndowa zimatenga less: "less maize", "less water". Pamsika palibe angakudzudzuleni, koma pa mayeso a ana athu kusiyanaku kumawerengedwa.

Zinthu ziwiri zikafanana, Chingerezi chimati as kawiri. "This bag is as heavy as that one" ndiye kuti matumba awiriwo akulemera mofanana. Ndipo chinthu chikaposa zonse, er amasanduka est, more amasanduka most: the cheapest, the most expensive, the best.

Pamene mawuwa amakhudza thumba lanu

Tsopano tibwere ku zolembedwa. Pa mapaketi ndi pa zikwangwani za malonda mudzaona mawu ngati "higher yields", zokolola zochuluka, kapena "matures earlier", imacha msanga. Taonani kuti than mulibe. Liwu loyerekeza likakhala lopanda than, mwauzidwa theka la nkhani. Funsani wogulitsa kuti, kuposa chiyani? Mbewu yocha msanga kuposa ina yochedwa kwambiri ingathebe kukhala yochedwa kwa inu amene mwabzala mvula itapita kale patali. Choncho musakhutire ndi earlier. Funani pa paketipo nambala ya masiku amene mbewuyo imatenga kuti iche. Kumbukiraninso kuti cheaper si the cheapest. Sitolo yolemba cheaper sikunena kuti palibenso kwina kotsika mtengo kuposa pamenepo.

Pa mapepala a mgwirizano pali timawu tinayi tofunika kutidziwa. More than ndi kupitirira. Less than ndi kuchepera. Not less than, kapena at least, ndi osachepera. Not more than ndi osapitirira. Wogula akalemba kuti thumba likhale "not less than 50 kg", thumba la makilogalamu 49 ali ndi ufulu wolikana kapena kutsitsa mtengo. Akalemba kuti chinyezi cha chimanga chikhale "not more than 13%", yanikani mokwanira musananyamule, kuopa kulipira galimoto kawiri.

Pa botolo la mankhwala nkhani ndi ya moyo. Pakalembedwa, mwachitsanzo, kuti "Do not harvest earlier than 14 days after spraying", ndiye kuti musathyole tomato kapena kabichi masiku 14 asanakwane chipoperereni. Masikuwa amasiyana malinga ndi mankhwala, choncho werengani botolo lililonse palokha. Mukakayika, funsani alangizi a zaulimi kapena mwana wa sukulu musanatsegule.

Ntchito ya kunyumba

Khalani pansi ndi ana madzulo ano, mumasulire ziganizo zitatu izi m'Chingerezi. Choyamba: Kachewere ndi wokwera mtengo kuposa chimanga. Chachiwiri: Mvula yabwera msanga chaka chino kuposa chaka chatha. Chachitatu: Msewu uwu ndi woipa kuposa uwo. Mukatha, tengani paketi ya mbewu kapena thumba la feteleza limene lili m'nyumba, mufufuze mawu othera ndi er ndi otsogozedwa ndi more kapena less, ndipo pa lililonse mufunse kuti, kuposa chiyani? Mayankho a ziganizo zitatuzi tidzawawerenga m'phunziro lotsatira.